Ndodo ya Sate-thuu

Telala wina bodza lake linali lalifupi, koma linamuyendetsa mtunda. Lamlungu, ali pabalaza pa bambo a mtsikana amene ankamufunsira, anaona pakhoma chithunzi cha munthu akuwedza ndi nyambo ya nthenga, pakamwa n'kumuyabwa: akuti iye wawedza motero zaka khumi. Mkuluyo anangoti, "Ndiye Loweruka tikumane kumtsinje. Za mwana wangazo tikakambira komweko."

Lachisanu masana telala analowa m'sitolo ya zowedzera, tepi yoyezera ili m'khosi, mtima uli m'mwamba. Mbedza anali asanaigwirepo chibadwire. Kuseri kwa tebulo kunali mayi wa magalasi, mwa anthu aja oti ukawauza kuti wafa ndi njala amafunsa tsiku la maliro.

"Takulandirani, bambo. Mwayamba kumene?"

Pamwamba pa mutu wa mayiyo panali chikwangwani: BOKOSI LA OYAMBA KUMENE, ndodo, chingwe, kagudumu kokulungira chingwecho ndi nyambo, zonse pamodzi. Telala anachiyang'ana n'kumeza malovu.

"Ine? Zaka khumi, mayi."

"Ayi ndithu, pepani." Mayi uja anaimirira mwaulemu n'kutsegula kope. "Ndodo yanu ndi nambala yanji?"

Nambala imene telala ankaidziwa bwino inali ya m'chiuno mwake.

"Sate-thuu."

"Sate-thuu! Zathu muno zimalekezera pa thwelofu. Ili kuti?"

"Inathyoka."

"Ndi nsomba?"

"Eya."

"Yotalika bwanji?"

Telala anatambasula tepi mpaka manja anatha. Mayi anawerama, n'kuwerenga nambala, n'kulemba.

"Komatu lero," anatero telala akukanda khutu, "ndabwerera mnzanga wina. Iyeyo ndiye woyamba. Bokosi lija lingamuthandize."

"Ndi wamtali bwanji?"

"Ngati ine."

"Mkono wake?"

"Ngati wangawu."

"Ali ndi mwayi. Munthu woti ali ndi inu, bokosi n'lachiyani? Mugawireni zanu zakale."

"Zinathyoka."

"Zonse?"

"Nsomba yomwe ija."

Mayi anapukusa mutu mwachisoni n'kulembanso. "Nanga nyambo, mumakonda zoyandama kapena zomira?"

"Za... zapakati."

"Zapakati? Sindinazimvepo."

"Ndi za ife akale."

Mayi anakoka kabati yodzaza tizilombo tabodza, tanthenga ndi ulusi, kalikonse kali ndi mbedza kumimba. Apa telala anaiwala mantha. Anatola kamodzi, n'kukatembenuza, nkhope n'kuchita tsinya.

"Wasoka ndani ichi? Mfundo ili poyera, ulusi ukulendewera. Phiko ili lalitali, ili lalifupi. Kachilombo kangatuluke m'nyumba katavala chonchi?"

"Ndamanga ndine," anatero mayi motsitsa mawu.

"Bweretsani ulusi."

Zala zinagwira ntchito yake. Posakhalitsa kachilombo kanali patebulo, mapiko ofanana, m'chiuno mothina bwino, koti nsomba ikanakapatsa moni isanakadye. Telala anamwetulira, kenaka n'kuzindikira kuti wadzikumbira yekha dzenje.

Mayi anatseka kabati ija kuti gwa!

"Inu sindikugulitsani nyambo. Kungakhale kukunyozani."

"Ndinyozeni, mayi, palibe kanthu."

"Ayi. Katswiri amamanga zake. Nthenga zake amathothola yekha pakhosi pa tambala. Tambala muli naye?"

"Ndimakhala m'chipinda chapamwamba!"

"Ndiye mumamusunga kuti?"

"Ndilibe tambala!"

"Nayenso nsomba ija?"

Telala anapukuta thukuta ndi tepi. Mawa linali Loweruka. Anaona m'maganizo mkulu uja ataima m'madzi, chingwe chikuuluka mwaluso, iye ali pamtunda chimanjamanja, ukwati ukupita ndi madzi. Mantha anamugwira zenizeni, pakuti mtsikanayo ankamukonda.

"Chabwino, ndipatseni ndodo iliyonse."

"Iliyonse ayi. Muyambe mwaponya ndione dzanja lanu." Anamupatsa ndodo yayitali yowonda. "Pakati apa, anthu amayesera pomwepa."

Telala anaigwira ngati ambulera. Anaikweza, n'kuigwedeza kawiri, n'kuponya ndi mphamvu zake zonse. Chingwe chinazungulira nyale ya kudenga, n'kugwetsa chipewa pashelefu, mbedza n'kubwerera kudzamukola kolala kumbuyo. Anaima chomwecho, khosi lili m'mwamba ngati malaya opachika.

Mayi anavula magalasi.

"Mwadzikola dala?"

"Kuyesa mbedza," anatero telala movutikira. "Mbedza yabwino iyambe yagwira mwini wake."

"Bwerezani pang'onopang'ono, ndilembe."

"Mayi, ndimasuleni."

"Katswiri ndimugwire ine? Ndingasokoneze."

Apa m'pamene mwana wa munthu anagonja. Ukatswiri wa zaka khumi unathera pakolala.

"Mayi, tamverani. Sindinawedzepo. Ngakhale kamodzi. Nsomba ndimakumana nayo m'mbale basi."

"Koma mwanena zaka khumi."

"Ndanama!"

"Liti? Panopa kapena poyamba paja?"

"Poyamba paja!"

"Nanga ya sate-thuu?"

"Ndi thalauza langa!"

Mayi anayang'ana kope lake. Kenaka anatenga rula, n'kukhwatcha mzere uliwonse mosamala, n'kutembenuza tsamba.

"Takulandirani, bambo. Mwayamba kumene?"

"Eya, mayi. Kumene kumene. Ndipatseni bokosi lija."

"Latha."

"Latha? Nanga nthawi yonseyi osanena bwanji?"

"Simunafunse ngati lilipo. Lomaliza agula m'mawa uno bambo ena achikulire. Ovala jekete lobiriwira, batani limodzi losiyana ndi anzake."

Jekete limenelo telala analisoka yekha, ndipo batani losiyanalo analiika mabatani atamuthera, akumati mkuluyo sadzaona.

"Iwowo... oyamba kumene?"

"Sadziwa n'komwe kogwira ndodo. Chithunzi cha pakhoma pawo akuti chinabwera ndi kalendala. Koma ali ndi mwayi: mnyamata amene akufunsira mwana wawo ndi katswiri wa zaka khumi. Ati mawa akawaphunzitsa, ndipo akaona kuti ndi munthu wonena zoona, amupatsa mwanayo."

Mayi anamumasula mbedza pakolala, n'kumukonzera tepi m'khosi.

"Ndiye poti ankaopa kuchita manyazi pamaso pa katswiri, ndawalembera mafunso makumi anayi oti akamufunse."