Mphenzi Inawagwetsa, Ife Tikuopa Kuwakhudza

Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ine ndine mayi wa ku Pembamoyo kuno ku Chadiza, ndipo sindingathe kukhala chete. Amuna anga, bambo a Tisa, anamenyedwa ndi mphenzi ine ndikuona ndi maso angawa.

Linali dzinja lathali, masana, tikupalira nshawa limodzi ndi abale. Mtambo wakuda unatulukira mwadzidzidzi, mphepo n'kuyamba. Ndinati tiyeni tithawe, koma bambowa ndi amakani, sindibisa. Anati mvula imeneyi ndi yongodutsa, n'kukausa pansi pa mtengo wa mango umene uli wokhawokha pakati pa munda. Enafe tinathamangira kunyumba ina ya m'mbali mwa msewu. Tisanafike n'komwe kunang'anima, ndiye phaa! Pocheuka ndinaona mtengo ukufuka utsi, bambo ali thapsa pansi.

Ndinabwerera ndi liwiro kuti ndikawadzutse, koma alamu anga anandigwira mkono. "Musawakhudze, mlamu! Moto ukadali m'thupi, ukulowani nanunso." Kwathu kuno tinakula tikudziwa choncho, kuti wogwetsedwa ndi mphenzi sagwiridwa mpaka abwere odziwa mankhwala. Anthu anangoima patali, ena atayamba kale kunong'onezana za amene waitumiza. Ndinapsa mtima, komanso mantha ndinali nawo, ndisaname. Ndinagwada m'matope n'kukuwa kuti, "Yesu wanga, ndikhale wamasiye anthu akungoonerera?"

Abale, Mulungu amayankha! M'nyumba ya pamsewu ija munali mutausa a Mwale, mayi wazaumoyo amene amayeza ana sikelo m'midzi muno. Mvula inawatsekereza ali panjinga. Atamva kukuwa kwanga anafika akuthamanga, nsapato zili m'manja. "Patukani!" anatero, n'kuwakankhira alamu anga kumbali. Anagwada, anayamba kupsinja bambo pachifuwa ndi manja awiri, kwinaku akuwauzira mpweya m'kamwa. Anandiuza kuti ndiwagwire mutu. Ndinawagwira, ndipo palibe chimene chinanditentha. Anapsinja, anapsinja, mpaka bambo anatsokomola. Nthungululu imene ndinaimba pamenepo, sindikudziwa kumene inachokera.

Tili kuchipatala ku boma, a Mwale anabwera kudzationa n'kundifotokozera bwinobwino. Akuti mphenzi ndi magetsi amene amasonkhana m'mitambo pamene matalala ndi madontho akukhulana kumwambako. Akachuluka amafuna njira yachidule yofikira pansi, n'chifukwa chake amakonda chinthu chachitali chimene chaima chokha, ngati mango athu aja. Amadutsa kamodzin'kamodzi n'kulowa m'nthaka, satsalira m'thupi la munthu ayi. Chimene amachita n'kuimitsa mtima, ndipo ambiri amapita chifukwa chosowa wowathandiza msanga. Ndinachita manyazi kuti tikanawataya bambowa ndi mantha athu omwe.

Ndikuthokoza Mulungu amene anaika mthandizi pafupi ine ndisanapemphe n'komwe. Inu amene muli m'mayesero, musaleke kufuula kwa Iye, ngakhale onse okuzungulirani atapinda manja. Mukamva bingu lowani m'nyumba, mtengo usiyeni. Ndipo mnzanu akagwa, mugwireni, musadikire.

Bambo a Tisa anatsala ndi chipsera paphewa, khutu limodzi silimva bwino. Pamene ndikulemba pano ali pakhonde, akudandaula kuti ndachedwetsa madzi osamba. Adandaule, abale, adandaule mpaka mawa. Ali moyo! Aleluya!