Manja Awiri pa Thilu

Munali mu Meyi 2008, sabata imene alendo ochokera m'mayiko ena ankathamangitsidwa m'makomboni a ku Joni. Pa mzere wodikira matakisi a ku Nellmapius, ku Silverton, mayi wina wachikulire anayandikira bambo wonyamula jumbo ya buledi, nalankhula motsitsa mawu.

"Achimwene, kumudzi n'kuti?"

"Ku Ntcheu. Mwandidziwa bwanji, amayi?"

"Ndinali kumbuyo kwanu m'sitolo muja. Mwalandira chenji ndi manja awiri, mutawerama. Kuno ku Joni amangotsomphola n'kumapita."

"Ndiye ndisathokoze? Mtsikana wa pa thilu uja wandilongedzera bwinobwino."

"Eish, ulemu umenewo mukanausiya pachipata cha Mwanza."

"Ine sindiopa. Zanga zonse zimakwana m'chikwama chimodzi."

"Sindikunena za inu. Mtsikanayo ndi Rabia, wa ku Machinga. Kwa zaka zinayi aneba ake akhala akumuyesa Mvenda wa konkuno. Mutawerama inuyo, nayenso waiwala, wagwira pamkono n'kupinda bondo."

"Waona ndani?"

"Anyamata awiri a mumsewu mwake. Amagula fodya pa thilu ina, ndipo asiya kuseka."

"Mayo! Ndibwerere ndikamupepese?"

"Kuti mukaweramenso? Kwerani takisi, achimwene. Ine ndikutsikira kusukulu, ndikatenge ana ake asanafike kunyumba."