Madzi Akhale Pafupi ndi Soda

Olemekezeka mayi woyang'anira fakitale ino, olemekezeka akuluakulu oona za chitetezo cha antchito, adokotala ndi anamwino amene mumatilandira tikavulala, akapitawo a zigawo zonse, inu ophika sopo, otsuka mabotolo ndi onyamula matumba, amayi ndi abambo, ndakupatsani moni nonse.

Mundikhululukire polankhula nditatsamira tebulo. Miyendo inathera pamapipa a sopo zaka makumi atatu, ndipo kunena zoona, pakamwa panga patopanso. Aka n'kachisanu kuitanidwa kudzatsegula nyumba yosungiramo soda wa kositiki, mawu ake omwewo, ovulala osatha. Komabe ndikuthokoza kuti mwakumbukira nkhalamba.

Sodayu ndiye amatidyetsa. Popanda iye mafuta sasanduka sopo, mabotolo sayera, opanga mapepala ndi nsalu amangokhala manja lende, ngakhale paipi yotsekeka ndi mafuta siitseguka. Koma alibe chibale. Akakugwera pakhungu sayamba n'kuwawa, amangoterera ngati sopo, pomwe mnofu ukudyeka.

Ndinkagwira ntchito ndi alamu anga, achimwene a mkazi wanga, amene tinkawatcha Achangu chifukwa chilichonse ankachita mothamanga. Magalasi awo otchinga m'maso atasweka, akapitawo anawauza kuti adikire atsopano sabata yamawa. Lachiwiri m'mawa, pofuna kupulumutsa nthawi, anayamba n'kukhuthulira soda m'chidebe, kenaka n'kuthirapo madzi. Zinawira nthawi yomweyo n'kuwathovukira kumaso. Sanakuwe. Anangoima chilili n'kunena kuti, "Alamu, ndigwireni dzanja, sindikuona."

Mpopi unali pomwepo, mapazi asanu okha, koma unali womangidwa ndi waya chifukwa unkadontha. Ndinayenda nawo kuzungulira nyumba yonse mpaka kumpopi wa kuchipata. Adokotala anatiuza kuti mphindi zimenezo ndizo zinadya maso. Limodzi linaferatu, linalo limangoona zithunzithunzi. Amene anakauza akazi awo ndine. Ndinawapeza akuyanika zovala, anandimvetsera mpaka kumapeto, n'kupitiriza kuyanika.

Choncho ana anga, soda ndiye amapita m'madzi, pang'onopang'ono, mukutakasa. Madzi sathiridwa pa soda. Magolovesi, magalasi ndi majombo si zovala za tsiku la alendo ayi, ndipo ndaona ena mwavala zatsopano lero, mitengo yake ikadali yomata. Sekani ndithu, koma mawa muvalenso. Matumba akhale pouma, omanga bwino. Chidebe cha aluminiyamu musayese, amachidya. Ndipo chonde, soda wosungunula kale musamuike m'botolo la chakumwa, kunyumba kuli ana. Wina akathovukiridwa, musafunefune mafuta kapena mankhwala, muikeni pamadzi oyenda kwa mphindi zosachepera makumi awiri, galimoto ya kuchipatala imupeze akutsukabe.

Kwa inu akuluakulu, pempho langa n'limodzi. Nyumba zina zimene ndinatsegula, nditabwererako patatha chaka ndinapeza chipinda chotsukira m'maso chili ndi loko, kiyi ali m'thumba la munthu amene wapita kutchuthi. Ndilibenso mphamvu zokangana ndi maloko.

Achangu ali moyo, amakhala kwathu. Lero m'mawa nditawauza kumene ndikupita, sanafunse kukula kwa nyumbayi kapena alendo amene abwere. Anangofunsa ngati mpopi wake ukutuluka madzi. N'chifukwa chake munandiona ndikuzemba pamzere wa alendo muja, malaya n'kunyowa chonchi. Ndinakautsegula ndekha. Ukutuluka, ndipo ndikawauza.

Ndi mawu amenewa, mwaulemu ndikulengeza kuti nyumba yosungiramo soda, pamodzi ndi chipinda chake chotsukira m'maso, yatsegulidwa. Nyumbayo muzikhoma poweruka, chipindacho musadzachikhome.

Zikomo kwambiri.