Makutu a Amuna Anga pa Sikipa

Zaka zija za m'ma 1990, salaula, zovala zakale zochokera kunja zija, atasefukira mu Chipata muno, matelala onse anayamba kuwodzera pa makina awo. Iwe Tisa, khala pansi, sikipa wavalayo ndiyo yandiyankhulitsa, ndipo anzakowa asiye kuseka, manja azisenda nsawa makutu ali kuno.

Mumati Chimakutu ameneyu, wojambulidwa pachifuwa pakoyu, anachokera ku Lusaka? Ha! Lusaka yake iti? Anabadwira pakhonde la sitolo ku Kapata, m'manja mwa telala wina dzina lake Lazalo, munthu wosatha n'kusoka kolala yowongoka yomwe. Anthu atasiya kusoketsa, iye anayamba kugula masikipa oyera a pasalaula n'kumawajambula ndi penti, koma maluwa ake ankaoneka ngati kabichi ndipo wogula panalibe.

Nthawi imeneyo amuna anga a Tembo, agogo ako amene sunawaone iwe Tisa, anali akatekisiti kwathu ku Kasenengwa. Munthu waulemu wake, wa njinga ndi chipewa chakuda, koma makutu Mulungu anawapatsa mosaumira, ndipo dzino lakutsogolo linathyoka ndi chimanga chokazinga. Tsiku lina anapita kukaikitsa chigamba pa buluku, Lazalo n'kuwauza kuti, "Abambo, nkhope ngati yanuyi ndi yoyenera kukhala pansalu."

Inu a lero mumajambulana ndi foni ngakhale mukutafuna, koma kale nkhope yokhala pachitenje inali ya bishopu kapena ya mtsogoleri wa dziko basi. A Tembo anafika pakhomo akumwetulira okha. "Amake Esinati, ndisitireni jekete, mawa akandijambula." Ndinasita ine, ndi makala anga, chitsiru ine! Anakakhala pampando pakhonde paja m'mawa wonse ataumitsa khosi, osaphethira.

Patapita masabata awiri, tikutuluka m'tchalitchi, tinakumana ndi amuna atatu a njinga zahayala atavala masikipa ofanana. Chipewa chomwecho, dzino lomwelo, koma makutu ngati malichero awiri, ndipo pansi pake analemba kuti Chimakutu. Anthu anaseka mpaka ena kukhala pansi. A Tembo anavula chipewa n'kuchiyang'ana.

Ine mtima unandiwawa, m'mawa mwake ulendo wa ku Kapata. Lazalo, osachita n'komwe manyazi, akuti, "Amayi, ameneyu si a Tembo, ndi munthu wongopeka." Ndinati, "Wongopeka wokhala ndi dzino la amuna anga? Wapekanso ndi chipewa chomwe?" Anangoseka, penti ili mbuu m'manja.

Ndiye zinthu zopusa zimayenda malonda, ana inu! Anatulutsa Chimakutu ali panjinga, Chimakutu atasenza thonje, Chimakutu akuvina ingoma. Nthawi ya mwambo wa Ncwala anakayala malonda ake ku Mtenguleni, alendo n'kumalimbirana ngati akugawa mchere, ndipo mmenemo ndi mmene makutu a amuna anga anakafikira ku Lusaka ndi ku Malawi. Kenaka zipewa, zikwama, timadiresi ta ana. Matelala amene ankamuseka aja anayamba kumusokera, iye n'kukhoma chikwangwani, kusiya kutchedwa telala, akuti tsopano ndi dizayina. Akafunsidwa ankati munthuyo anamulota kutulo. Kulota! Munthu amene ndinamusitira jekete ine?

Koma kwathu kunalibe choseketsa. A Tembo akaima kutsogolo kuti aphunzitse, kumbuyo ena agwira makutu awo n'kumakupiza. Dzina lawo linatha, ngakhale akuluakulu a mpingo lilime linkawaterereka n'kuti a Chimakutu. Munthu amene anakonzekeretsa mudzi wonse ku ubatizo anatula pansi ukatekisiti, chipewa anachipachika pamsomali, njira yawo inangotsala ya kumunda. Anamwalira zaka zimenezo zisanathe, ndipo Lazalo anabwera pamaliro ndi galimoto, atamanga tayi, n'kulira mokweza kuposa ine mwini wake.

Lero ana ake akuti ndi kampani, ndipo inu mumavala monyadira, mdzukulu weniweni kugula agogo ake mu shopu osadziwa. Sindikukukalipira, mwana wanga, sunauzidwe. Kungoti musanavale nkhope, muziyamba mwafunsa kuti ndi ya yani, chifukwa mwina ili ndi mkazi wake amene akali moyo.

Ayi, usavule! Wakuuza kuti uvule ndani? Agogo akowo sanalolenso kujambulidwa, ngakhale ndi kamera pa ukwati wa amako Esinati anakana, amvekere anandijambula kale kamodzi, zinakwana. M'nyumba muno mulibe chithunzi chawo ngakhale chimodzi. Sendera kuno, uwongole sikipayo. Makutuwo Lazalo ananama, galu uja, koma maso anawatha, ndi omwewo ndithu. Taima choncho pang'ono, ndiwaone.