Wamasiye wa ku Misuku

Pa siteji ya minibasi ku Chitipa, wailesi inkaimba chimbale choyamba chimene Sosten, woimba rapu, anatulutsa payekha. Bambo wina ankagwedezera mutu, mayi woyandikana naye atakwinya nkhope.

"Mwanayu mawu ali nawo, amama. Mwamva mmene akufotokozera zokulira mumsewu?"

"Mawu ali nawodi, adada, ng'oma zakenso zikugunda bwino. Koma msewu wake uti? Ameneyu wakulira m'munda wa khofi kwathu ku Misuku."

"Ndi kaimbidwe chabe. Nanga nyimbo yaumasiye ija? Ine inandiliza."

"Inaliza ambiri, bodza lokhalokha. Mayi ake ali moyo, timapemphera mpingo umodzi. Sabata yatha anthu anachokera ku Karonga kudzapepesa maliro awo, n'kuwapeza akuyanika khofi. Malemuwo ndiwo anawaphikira tiyi."