Chitenje Changa M'ngalande

Aulutsi ndi omvera anzanga, ndikulemba kuchokera ku Kanyama, ndipo mutu wanga sukugwira.

Kwathu kuno mvula ikangoyamba, timathamanga ndi matumba a zinyalala kukaponya m'ngalande kuti madzi apite nawo. Galimoto yotola zinyalala sifika, ndiye aliyense amatero. Inenso ndimatero.

Mwezi wathawu madzi anasefukira n'kulowa m'nyumba ya aneba anga, mayi wamasiye amene timakhala nawo ngati pachibale. Matiresi, ufa, mabuku a ana, zonse zinanyowa. Pamsonkhano wa m'dera ndine ndinalalatira khansala kuposa aliyense: "Ba kansala, tinakuvotelani kuti tizigona mu manzi?" Anthu anandiombera m'manja.

M'mawa mwake abambo a m'dera anapita kukatsegula ngalandeyo. Chimene chinatseka pansi pa kamlatho chinali thumba lomangidwa ndi chitenje chakale chachikasu. Chitenjecho anandipatsa ndi anebawo nditabereka mwana woyamba.

Anebawo anachiyang'ana, kenako anandiyang'ana ine. "Bamake mwana, si chanu ichi?" Sanakalipe. Anangolowa m'nyumba.

Amuna anga akuti ndisadzivutitse, wolakwa ndi boma. Mwina akunena zoona, nanga zinyalalazo tizidya? Komatu mfundo ya pathumba lija silinamange boma, ndinamanga ndine. Tsono ndikapepese kwa aneba, kapena ndizilalatirabe khansala? Kapena zonse ziwiri?

Dzulo yagwanso mvula. Ndinaima pakhomo thumba lina la zinyalala lili m'manja, anzanga akuthamangira kungalande. Mpaka pano lidakali kuseri kwa chitseko, likununkha. Omvera anzanga, ndikalitaye kuti?