Chubu Chinkaphwa, Ine Ndinagwira Mlamu Pakolala

"Alamu, mpweya ndingabe kuti ndikaphike ndiwo? Mwapenga kodi?"

Amene ankakuwa choncho ndi Yotamu, mchimwene wa mkazi wanga, ine nditamugwira pakolala pakati pa wekishopu, anzathu achishona akundikoka malaya kuti, "Mudhara, siyai munhu!" kutanthauza kuti mdala, musiyeni munthuyo. Moni nonse okondedwa mwa Ambuye. Ndayamba ndi mawu amenewa chifukwa mpaka lero amandilira m'makutu. Ambiri mumandidziwa, ndine bambo a Miriyamu a ku Kuwadzana, ndipo mukudziwanso kuti mtima wanga ndi wapachala. Ndikufuna ndikuuzeni mmene ntchito inatsala pang'ono kundithera, ndi mmene ndinapwetekera munthu wosalakwa pofuna kuipulumutsa.

Dziko lino litangolandira ufulu, ndinkagwira ntchito yokonza maboti aja olimba pansi, koma m'mbali mwake muli machubu opopa. Eni ake ambiri anali azungu okawedza ku Kariba. Azunguwo atayamba kulongedza kupita ku Joni, ntchito inachepa. Kumbali ya machubu tinatsala awiri, ine ndi Yotamu, amene ndinachita kumuitana ndekha kuchokera kwathu ku Katete. Iye ankagona ku hositelo ku Mbare, ife tinali titangolowa m'kanyumba kathu ku Kuwadzana, kopanda ndi pulasitala yemwe.

Ndiye kunabwera boti la chipatala china cha mishoni cha m'mbali mwa Kariba, lonyamulira odwala. Chubu cha kumanzere chinkaphwa pang'onopang'ono. Ukapopa madzulo chili gwa, m'mawa ukakanikiza chala chikulowa. Bwana anandiuza mosapsatira kuti boti limeneli likatikanika, atseka mbali yathu yonse.

Ntchito yake ndi yodziwika. Umapopa, n'kupaka madzi a sopo pamisoko ndi pavalavu, polowera mpweya paja, n'kuyang'ana pomwe patuluke thovu. Ndinapaka chubu chonse, osaona kanthu. Ndinamata zigamba pamalo okalikakalika pongoganizira. M'mawa chaphwa. Kumatanso, chaphwanso. Ine munthu wofika Fomu 4, zaka zonsezo ndili pa mphira, kugonja ndi kabowo? Apa Satana anandinong'oneza kuti pali dzanja la munthu. Yotamu ndiye ankatsalira kusesa ndi kutseka chitseko, komanso masiku amenewo tinali titasemphana chifukwa ndinamukalipira pa nkhani ya guluu amene anauma. Ndinati akumakanikiza valavu pochoka kuti andichititse manyazi, atenge malo anga.

Lachisanu ndi pamene ndinamugwira pakolala paja. Bwana anatuluka mu ofesi, ndipo ine ndinafotokoza zonse ngati ndinachita kuona ndi maso. Anamuchotsa tsiku lomwelo. Yotamu anavula ovololo, n'kuipinda bwinobwino, n'kunena kuti, "Zikomo alamu. Munandibweretsa ndinu, mwandibwezanso ndinu." Popanda ntchito, ku hositelo analibenso malo. Kunali kubwerera ku Katete chimanjamanja, kumene mkazi wake anali woyembekezera.

Kunyumba mayi a Miriyamu sananditukwane. Bola akananditukwana. Anandiikira madzi osamba, n'kundifunsa funso limodzi lokha: "Nanga likaphwanso mawa, mukagwira kolala ya ndani?"

Lachisanulo ndinali nditapopa ndekha, kutseka ndekha, kiyi m'thumba mwanga. Loweruka m'mawa ndinakanikiza chubu ndi chala. Chinalowa.

Abale, Yotamu kulibe, koma chubu chaphwabe. Anzanga anaweruka masana, ine ndinatsala. Ndinapopanso mwaukali, kupaka sopo apa, kupukuta, kuthamangira apo, monga ndinkachitira sabata yonse. Kenako ndinanyamula beseni lonse n'kulikhuthulira paboti, ndikulankhula mawu osayenera kulembedwa pano. Mphamvu zinandithera. Ndinakhala pansi pa simenti n'kutsamira chubucho. Pemphero langa silinali lokongola ayi. Ndinati, "Ambuye, ndachotsetsa munthu ntchito pachabe. Ngati yanga ikutha, ithe, koma ndionetseni chimene ndam'namizira mlamu wanga." Ndinakhala pomwepo nthawi yaitali, manja ali lende.

Podzuka ndinaona kathovu koyera m'mphepete mwa valavu, chakunsi, kochepa ngati malovu a khanda. Sikankaphulika ngati thovu la bowo lalikulu, kankangokula mwakachetechete. Malo amenewo ndinali nditapakapo sopo kambirimbiri, koma ndinkapukuta msanga n'kupita pena. Bowo laling'ono limafuna munthu wodikira, ndipo ine chibadwire sindinadikirepo kanthu. Nditamasula valavu ndinapeza kamphira kozungulira ka m'kati mwake kali ndi mng'alu wonga tsitsi. Ndinaika katsopano, kumanga, kupopa, kupaka sopo, n'kukhalanso pansi. Kunali zii, thovu osaonekanso.

Bwana atabwera kudzatseka geti ndinamuonetsa kamphirako. Ndinamuuzanso kuti Yotamu sanalakwe kanthu, wabodza ndine. Anandiyang'ana osaphethira, ine ndikuyembekezera kuti ovololo yanga nayo ipindidwe. Anangoti, "Lolemba mubwere nonse awiri, ngati iyeyo angalole kuimanso pafupi ndi iwe."

Ndikuthokoza Mulungu amene anandikhazika pansi pamene manja anga ankafuna kumenya. Boti lija linapita kukanyamula odwala, ntchito inakhalapo, ana anga sanagone ndi njala. Koma musandiombere m'manja, chifukwa chipulumutso chimenechi chinandipeza ndili ndi mlandu. Kwathu timati tayala laphwa, chotupa chaphwa, mkwiyo waphwa. Sabata yonse ndinkalimbana kuti chubu chisaphwe, pamene chofunika kuphwa chinali m'chifuwa mwangamu. Inu amene zinthu zikukutherani pang'onopang'ono osadziwa pomwe zikutulukira, kaya ndi thanzi, kaya ndi ntchito, kaya ndi banja, musaleke kupemphera. Ndipo musanaloze munthu chala, khalani kaye pansi mudikire.

Lamlungu m'mawa sindinapite kutchalitchi. Ndinakwera basi ya ku Mbare. Ndinam'peza Yotamu pakhonde la hositelo akumanga chikwama chake ndi chingwe, anzake atamuzungulira. Ndinavula chipewa, n'kugwada pa simenti yonyowa ya pakhondepo anthu akuona. Ndinatulutsa kamphira kaja m'thumba n'kumuika m'dzanja.

"Alamu," ndinatero, "wakuba mpweya uja ndi uyu. Chonde masulani chikwamacho."